Si Tsamba Lililonse Lopha Nankafumbwe

Mlimi akamaliza kukolola, anthu ambiri amayesa kuti ntchito ya chaka chimenecho yatha. Ife tikunena kuti pamenepo m'pamene nkhondo yachiŵiri imayamba, ndipo pa nkhondo imeneyi mabanja ambiri m'dziko muno amagonja mwakachetechete. Chimanga chimene chidapirira ng'amba, chidalandira feteleza wogula ndi ndalama zovuta kupeza, chidapaliridwa ndi kubandiridwa pa nthaŵi yake, chimatha kusanduka fumbi m'thumba mwini wake ali mtulo. Pofika Januwale kapena Febuluwale, pamene mtengo wa chimanga pa msika wa Zomba umakhala utakwera, banja limamasula thumba lomaliza n'kupeza maso a chimanga obookabooka, opepuka ngati mankhusu, ufa wake wonunkha. Chaka chimenecho banjalo lidalima ndithu, koma lidalimira anankafumbwe.

M'zaka za ulamuliro wa Dr H. Kamuzu Banda, anthu a dziko lino ankakumbutsidwa kaŵirikaŵiri kuti munthu afunika zinthu zitatu: chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba yosadontha. Maboma asintha, koma choyamba mwa zitatuzo sichinafikebe m'nyumba iliyonse. Namondwe wa Freddy adakokolola minda m'Chigawo cha Kumwera, kuphatikizapo boma la Zomba, mu Malichi 2023. Chaka chotsatira, mu 2024, chilala chidachititsa kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino alengezedwe kuti ali pa ngozi. Mvula ndi mphepo sitingazilamule. Koma chimanga chimene chaloŵa kale m'nkhokwe chili m'manja mwathu, ndipo kuchilekerera kuti chifumbwe ndi mlandu umene sitingaukankhire kwa mitambo.

Tiyeni tiyambe tamdziŵa mdaniyo. Nankafumbwe wamkazi amaboola diso la chimanga, amaikiramo dzira, n'kutseka bowolo. Mphutsi imaswera m'kati momwemo, imadya m'kati momwemo, ndipo m'nyengo yotentha imatuluka itakhwima pakapita milungu isanu kapena kupitirira pang'ono, n'kuyamba nayonso kuikira mazira. Ntchito imeneyi nthaŵi zambiri imayambira kumunda chimanga chisanakololedwe. Choncho thumba looneka bwino tsiku lotonola likhoza kukhala litanyamula kale adani ake. Nyemba, khobwe ndi nandolo zilinso ndi anankafumbwe ake amene amachita chimodzimodzi.

Pa mdani wakaleyu padaonjezeka wina woopsa koposa, nankafumbwe wamkulu, amene akatswiri amamutcha Prostephanus truncatus. Kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Adafika ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo m'chigawo cha Tabora alimi ena adataya gawo limodzi mwa magawo atatu a chimanga chawo m'miyezi yochepa chabe. Muno m'Malaŵi adapezeka koyamba ku Karonga mu 1991, n'kufalikira pang'onopang'ono mpaka kumwera. Ameneyu amakonda chimanga chosatonola, amadya makaka a chinangwa, ndipo amaboola ngakhale mitengo ndi nsungwi za nkhokwe yeniyeniyo, n'kubisalamo kudikira zokolola za chaka chamaŵa. Kubwera kwake, pamodzi ndi mantha a akuba, n'kumene kudachititsa mabanja ambiri kusiya nkhokwe ya pabwalo n'kuyamba kusunga chimanga chotonola m'matumba, m'chipinda chomwe anthu amagonamo. Mfundo imeneyi tisaiiŵale, pakuti chilichonse chimene tithira m'thumbalo chimagona pafupi ndi ana athu, ndipo pamapeto pake chimafika pafupi ndi mphika.

Mankhwala a m'sitolo alipo, ndipo ogula enieni kwa wogulitsa wovomerezeka, n'kuwathira monga mwa malangizo, amathandizidwa. Koma si banja lililonse limene limakhala ndi ndalama m'mwezi wokolola. Ena amagula ufa wosadziŵika bwino m'timapepala pa misika ya kumudzi, wopanda dzina ndi tsiku, n'kuzindikira mochedwa kuti adagula fumbi. Ena amachepetsa muyeso kuti botolo limodzi likwanire matumba ambiri. Enanso amaika m'nyumba yogona mapiritsi otulutsa mpweya wa poizoni, amene ayenera kugwiritsidwa ntchito ndi anthu ophunzitsidwa okha, m'nyumba zosungiramo katundu. Pa zifukwa zimenezi n'zosadabwitsa kuti alimi ambiri, ndiponso mabungwe amene amawathandiza, akutembenukiranso ku zomera zimene makolo athu ankatetezera dzinthu.

Ife tikugwirizana nawo maganizo ameneŵa, ndipo aliyense wonyoza mankhwala a zomera kuti n'zachikale akungoonetsa kusadziŵa kwake. Mtengo wa nimu, umene umakula bwino m'madera otentha monga Chikwawa, Nsanje ndi Mangochi, uli ndi mphamvu yolepheretsa tizilombo kudya ndi kukula, makamaka m'njere zake. Mphamvu imeneyi, yotchedwa azadirachtin, akatswiri a ku England adaipatula mu 1968. Mizu ya bwazi ili ndi fungo lamphamvu limene tizilombo ta m'nkhokwe timalithaŵa. Chanzi ndi mpungabwi zilinso ndi mafuta onunkhira oingitsa tizilombo. Phulusa losefa bwino, likathiridwa lambiri, limatseka mipata ya pakati pa nyemba ndi kukanda khungu la kachilombo mpaka kauma. Ngakhale mankhwala a m'sitolo ali ndi chibale ndi zomera: permethrin amene ali mu Actellic Super adapangidwa potsanzira poizoni wa duŵa la pyrethrum, limene alimi a ku Kenya ndi Tanzania akhala akulima kwa zaka zambiri. Mawu a akulu amakoma akagonera, ndipo pa nkhani iyi sayansi yatsimikiza zambiri zimene agogo athu ankachita.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene tikufuna kuti wogwira ntchito m'boma aliyense ndi mphunzitsi aliyense achimvetse asanakaime pamaso pa anthu. Chomera chimene chimatchulidwa kwambiri pa nkhani imeneyi m'dziko muno ndi ombwe, umene ena amati mthuthu, ndipo kumpoto amati mtetezga. Dzina lake la sayansi ndi Tephrosia vogelii. Mphamvu yake yophera tizilombo imachokera ku poizoni wa gulu la rotenone amene ali m'masamba ake. Mu 2012 akatswiri a ku Royal Botanic Gardens ya ku Kew ndi a ku Natural Resources Institute ya ku Greenwich, pamodzi ndi anzawo a muno m'Malaŵi, adalengeza zimene adapeza atapima ombwe wochokera m'malo 13 m'dziko lino, kumene alimi amaulima kuti aphere tizilombo. Adapeza kuti ombwe uli wa mitundu iŵiri. Mtundu wina uli ndi poizoni uja ndipo umapha tizilombo. Mtundu wina ulibe, ndipo ataugwiritsa ntchito pa anankafumbwe a khobwe sudathandize. Mwa mitengo inayi iliyonse imene adapima, pafupifupi umodzi udali wa mtundu wopanda mphamvuwo.

Choopsa n'chakuti mlimi sangaisiyanitse mitundu iŵiriyi poiyang'ana. Yonse ndi ombwe, yonse imabiriŵira, yonse imabwezera chonde m'nthaka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Taganizirani mayi wa ku Jali kapena ku Mayaka amene wamva pa msonkhano kuti ombwe umateteza dzinthu. Wathyola masamba, waumitsa, wasinja, wathira m'matumba ake, n'kusunga ndalama imene akadagulira mankhwala. Ngati mtengo wake uli wa mtundu wachiŵiriwo, ntchito yonseyo yapita pachabe, ndipo adzazindikira zimenezi m'nthaŵi ya njala, pamene palibenso chimene angachite. Tsiku limenelo iye sadzadandaula za mtengo. Adzadandaula za mlangizi amene adamuuza, ndipo chaka chamaŵa sadzamveranso malangizo ena alionse, ngakhale abwino. Ndi chifukwa chake tikunena kuti kulimbikitsa mankhwala a zomera popanda kuyamba wayesa n'kuseŵera ndi chakudya cha anthu osauka.

Palinso zina zimene zimasintha mphamvu ya chomera. Tsamba lothyoledwa m'nyengo ina silifanana ndi la m'nyengo ina. Loumitsidwa padzuŵa limataya mphamvu msanga kusiyana ndi loumitsidwa pamthunzi, pakuti poizoni wa ombwe ndi wa nimu amaonongeka ndi kuŵala. Ufa wa masamba sukhalitsa mphamvu m'thumba monga mankhwala a m'sitolo, motero pafunika kuyang'anamo ndi kubwereza. Ndiponso chimene chagonjetsa nankafumbwe wa khobwe tisafulumire kunena kuti chigonjetsa nankafumbwe wamkulu wa chimanga, amene ndi wolimba ndipo amakhala nthaŵi yambiri m'kati mwa diso la chimanga, kumene ufa wa tsamba sufika. Kutentha kwa malo nakonso kuli ndi mbali yake. Boma la Zomba lokhali lili ndi nyengo zosiyana: pamwamba pa phiri, pamene pamapitirira mamita 2,000, m'pozizira ndi ponyoŵa, ndipo vuto lalikulu m'mbali mwa phiri ndi kuumitsa chimanga; ku Chingale ndi ku chigwa cha Chilwa n'kotentha, ndipo tizilombo timaswana mofulumira. Langizo limodzi silingakwanire madera onseŵa.

Chachiŵiri chimene tiyenera kunena poyera n'chakuti chinthu chochokera ku chomera sindiye kuti n'chosaopsa. Ombwe womwewo anthu akhala akuphera nsomba m'mitsinje kuyambira kale, chifukwa rotenone ndi poizoni woopsa kwa nsomba. Maiko a m'bungwe la European Union adaletsa rotenone pa ulimi mu 2008. Fodya ali ndi nikotini amene amaloŵa m'thupi ngakhale kudzera pakhungu, ndipo sayenera kusakanizidwa ndi chakudya. Mtengo wa indya, umene ambiri amausokoneza ndi nimu chifukwa masamba ake amafananako, uli ndi zipatso zapoizoni kwa ana ndi ziŵeto. Dema ndi muzu wa bwazi nazonso si zoseŵera nazo. Wosinja zomera zimenezi aphimbe mphuno ndi pakamwa, asasinjire mu mtondo wa chakudya, asambe m'manja, ndipo ana akhale kutali. Zomera zaukali zikhale za mbewu yodzabzala. Pa chimanga chodya m'pofunika kusamala koposa, kuchipeta ndi kuchitsuka bwino chisanapite kuchigayo.

Anthu a ku Zomba ali ndi chifukwa chapadera chosamalira. Madzi amene mzinda umamwa amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri. Mitsinje ya Likangala ndi Domasi imatsika kuchokera kumapiri kukathira m'nyanja ya Chilwa, imene matemba ake amadyetsa mabanja ambirimbiri, ndiponso imene idalembedwa mu 1997 kukhala malo a madzi otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar. Nyanja imeneyi idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo ikaphwa nsomba zimapulumukira m'maiŵe a m'mitsinje yomweyi, n'kudzabwereranso madzi akadzaza. Munthu wotsukira ndowa ya ombwe mu mtsinje, kapena wotengerapo mwayi wophera nsomba, akuononga nkhokwe ina pofuna kuteteza yake. Chimodzimodzinso bwazi: mphamvu yake ili ku mizu, ndipo wokumba mizu yonse wapha mtengo. Phiri la Zomba latha kale mitengo yambiri ndi nkhwangwa ndi moto. Tisaonjezerepo khasu la okumba mankhwala. Chomera chimene tatsimikiza kuti n'chothandiza tichibzale m'mphepete mwa minda ndi pakhomo, tisakachisake m'nkhalango.

Nanga ndani ayese zomerazi? Apa ndi pamene tikuona kuti Zomba ali ndi udindo woposa maboma ena. Likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma nyumba za maphunziro zidatsala. M'munsi mwa phiri muli munda wa zomera umene Alexander Whyte adayamba mu 1891, ndipo lero uli m'manja mwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987 ndipo ntchito yake ndi kudziŵa ndi kusunga zomera za dziko lino. Mu mzinda womwewu muli Forestry Research Institute of Malawi, yodziŵa za mbewu za mitengo. Muli University of Malawi, imene idafika ku Zomba mu 1973 monga Chancellor College, ndipo ili ndi akatswiri a sayansi ya mankhwala ndi ya zamoyo. Kufupi ndi Thondwe kuli malo a kafukufuku a Makoka, kumene m'zaka za m'ma 1990 kudachitika ntchito yaikulu yoyesa mitengo yobwezera chonde m'nthaka. Ku Domasi kuli koleji yophunzitsa aphunzitsi. Zonsezi zili m'boma limodzi. Mutu umodzi susenza denga, koma pano mitu ilipo yokwanira, chikusoŵa n'kunyamulira pamodzi.

Pempho lathu kwa akuluakulu a nthambi zimenezi ndi a Unduna wa Zamalimidwe ndi lomveka. Choyamba, ombwe umene uli m'minda ndi m'nazale za boma la Zomba upimidwe, ndipo mbewu yogaŵira alimi pofuna kuphera tizilombo ichokere ku mitengo yokhayo imene yapezeka ndi mphamvu. Chachiŵiri, akatswiri agwirizane za muyeso wa chomera chilichonse pa thumba la makilogalamu 50, za nthaŵi yothyola, za kaumitsidwe ndi za masiku obwereza, n'kuzilemba m'Chicheŵa ndi m'Chiyao chomveka, kuti mlangizi wa ku Malosa ndi wa ku Chingale asamanene zosiyana. Chachitatu, bungwe la Pesticides Control Board, limene lidabadwa ndi lamulo la mu 2000, liyang'anenso ufa wa zomera umene anthu amagulitsa m'mapaketi, pakuti wogulitsa masamba opanda mphamvu ndi wonyenga mofanana ndi wogulitsa mankhwala abodza. Chachinayi, mabungwe amene si a boma asagaŵe mbewu ya mtengo uliwonse ndi lonjezo loti iteteza dzinthu, pokhapokha atasonyeza kumene idapimidwa.

Alangizi a zaulimi akumbutsenso anthu kuti palibe tsamba limene lingapulumutse chimanga chosungidwa mosasamala. Chimanga chiume bwino, chinyezi chake chitsike kufika pa 13 peresenti kapena kucheperapo. Njira yoyesera ilipo yosalira ndalama: thirani chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, tsekani, khutchumulani, dikirani pang'ono, mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Chimanga chonyoŵa chimachita chuku, ndipo chuku china chili ndi poizoni woononga chiŵindi amene ngakhale moto wa nsima sumuthetsa. Chipinda chisesedwe, zotsala za chaka chatha zichotsedwe, matumba akale aviikidwe m'madzi oŵira, ndipo matumba atsopano asanjidwe pa mitengo, osakhudza pansi kapena khoma. Amene angathe agule matumba osaloŵa mpweya, monga a PICS, kapena nkhokwe zachitsulo, m'mene tizilombo timafa tokha posoŵa mpweya popanda mankhwala alionse. Mankhwala a zomera ndi mbali imodzi ya ntchito yonseyi, makamaka kwa banja limene silingathe kugula zinazo.

Kwa inu aphunzitsi, nkhani imeneyi ndi phunziro la zaulimi ndi la sayansi limene silifuna chipangizo chodula. Tengani mabotolo anayi ouma ofanana. M'lililonse thiranimo chimanga chouma cha muyeso umodzi ndi anankafumbwe 20. Loyamba musathiremo kanthu. Lachiŵiri thiranimo phulusa. Lachitatu ufa wa nimu. Lachinayi ufa wa ombwe wa m'dera lanulo. Phimbani ndi kansalu, lembani tsiku, ndipo mlungu uliwonse ophunzira aŵerenge amoyo, akufa ndi maso a chimanga obooka, n'kulemba m'kope. Inu nokha ndinu mugwire ufawo, ndipo chimangacho chisadyedwe kapena kupatsidwa nkhuku. Pakutha kwa teremu ana adzakhala ataona ndi maso awo ngati mtengo wa kumudzi kwawo uli ndi mphamvu kapena ayi, ndipo adzakhala ataphunzira chifukwa chake botolo loyamba lija, lopanda kanthu, ndilo lofunika koposa poyerekeza. Atumeninso akafunse agogo awo maina a zomera zimene ankathira m'nkhokwe ndi m'nsupa za mbewu, ndi kathiridwe kake. Zolemba zimenezo zisathere m'kabati ya mphunzitsi wamkulu. Ziperekedwe kwa mlangizi wa dera kuti zikafike kwa akatswiri ku Zomba.

Mafumu nawonso tiwapemphe kuti pa misonkhano ya m'midzi aletse kuthira ombwe m'mitsinje ndi kukumba bwazi mosasamala, ndipo apereke malo obzalapo mitengo imene yatsimikizidwa.

Safunsa adadya phula. Dziko lino lili ndi zomera zothandiza, lili ndi akuluakulu amene akuzikumbukirabe, ndipo lili ndi nyumba za maphunziro zokhoza kuziyesa. Mlimi amene watuluka thukuta miyezi isanu ayenera kuuzidwa zinthu zotsimikizika: chomera chiti, cha mtundu uti, muyeso wotani, pa mbewu iti, ndi kuopsa kwake. Tikupempha kuti ntchito yopima ombwe wa m'boma la Zomba iyambike chimanga chisanakhwime kumunda, kuti pofika nyengo yokolola mlangizi aliyense akhale ndi yankho m'manja.